Mafuta oyera mu Mpingo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera m'miphakati, m'makalasi a Ulimbitso ndiponso m'makomo momwe mwagwa matenda. Mayankho ake atsamira pa mwambo wa Mpingo wa Katolika, poti ndi kumene mafuta ali ndi malo aakulu m'masakramenti, koma mipingo ina tiikhudzanso.

Kodi mafuta oyera ndi amtundu umodzi?

Alipo amitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Pali mafuta a akatekumeni, odzozera munthu amene akukonzekera ubatizo. Pali mafuta a odwala. Ndiye pali mafuta a Krisima, omwe ndi aulemu kuposa onsewo: amagwira ntchito pa ubatizo, pa Ulimbitso, podzoza ansembe ndi maepisikopi, komanso popatula tchalitchi kapena guwa latsopano.

Mukadzapeza mpata, mudzapemphe bambo mfumu akuonetseni pomwe amasungidwa. Mudzapeza timabotolo kapena tizitini tachitsulo titatu, tolembedwa zilembo za Chilatini: OC kapena OS pa mafuta a akatekumeni, OI pa a odwala, SC pa a Krisima. Ndi maso n'kovuta kuwasiyanitsa. A Krisima amadziwika ndi fungo, chifukwa ndi okhawo onunkhira.

Amapangidwa ndi chiyani?

Kuyambira kale ndi mafuta a azitona, omwe ena amati a olivi. Kwa a Krisima amathiramo balisamu, utomoni wonunkhira wochokera ku mitengo. Poona kuti kumaiko ambiri azitona salimidwa ndipo mafuta ake ndi okwera mtengo, Papa Paul VI mu 1972 analola kuti podzoza odwala mafuta a zomera zina agwiritsidwe ntchito, ndipo Malamulo a Mpingo a 1983, pa lamulo 847, amanena za mafuta ofinyidwa ku azitona kapena ku zomera zina. Mafuta a nyama, kapena odzola a m'sitolo aja ochokera ku petulo, saloledwa.

Bwanji mafuta? Madzi odalitsidwa sakukwanira?

Kwa anthu a m'Baibulo mafuta anali chakudya, anali nyale, analinso mankhwala. Msamariya uja anathira mafuta ndi vinyo pa mabala a munthu wovulazidwa ndi achifwamba (Luka 10:34). Mlendo wolemekezeka ankamudzoza kumutu. Ochita masewera ogwetsana ankadzola thupi lonse kuti mdani akawagwira aziterereka. Mulungu polankhula ndi anthu ake anatenga chinthu chimene ankachidziwa kale kuti chimalimbitsa, chimapoletsa, chimakongoletsa.

Pa Eksodo 30:22-33 Mose anauzidwa kapangidwe ka mafuta odzozera: masekeli (muyeso wa kulemera) 500 a mure, 250 a sinamoni, 250 a bango lonunkhira, 500 a kasiya, kusakaniza ndi mafuta a azitona. Ankadzozera chihema, ziwiya zake, ndiponso Aroni ndi ana ake, ndipo panali lamulo loopsa kuti munthu asapange ofanana nawo kuti azidzola yekha. Samueli anadzoza Sauli, kenako Davide, ndipo Malembo amati kuyambira tsiku limenelo Mzimu wa Mulungu unakhala pa Davide mwamphamvu (1 Samueli 16:13). Eliya anauzidwa kuti adzoze Elisa akhale mneneri m'malo mwake. Wansembe, mfumu ndi mneneri onse ankalowa ntchito yawo kudzera m'kudzozedwa. Yesu atawerenga buku la Yesaya m'sunagoge ya ku Nazarete ananena kuti Mzimu wa Ambuye wamudzoza Iye (Luka 4:18), ndipo mafuta a Mpingo amatilumikiza ndi kudzozedwa kwakeko. Madzi amatsuka. Mafuta amaonetsa kuti wotsukidwayo wapatulidwa, wapatsidwa mphamvu, ndipo watumidwa.

Amawadalitsa ndani, ndipo liti?

Amawadalitsa Ambuye Episikopi, kamodzi pachaka, pa Misa ya Krisima. Tsiku lake lenileni ndi Lachinayi Loyera m'mawa, koma malamulo amalola kuti Misayi ichitike tsiku lina loyandikira Pasaka. Chifukwa chake n'chomveka: wansembe wa ku Chitipa kapena wa ku Nsanje angavutike kukhala ku katedrale (tchalitchi chachikulu cha episikopi) m'mawa, madzulo ake n'kukhalanso ali kwawo pa Misa ya Mgonero wa Ambuye. Kuno ku Malawi kuli madayosizi 8, a Blantyre, Lilongwe, Zomba, Mangochi, Chikwawa, Dedza, Mzuzu ndi Karonga, ndipo iliyonse imadalitsa mafuta akeake.

Amene sanapiteko ku Misa imeneyi adzayesetse chaka china, chifukwa ndi tsiku limene dayosizi yonse imaonekera pamodzi. Ansembe onse amazungulira episikopi wawo n'kubwereza malonjezo amene anachita tsiku lodzozedwa. Mitsuko itatu imabwera pa mdipiti wa zopereka. Ikafika nthawi ya Krisima, episikopi amathira balisamu m'mafuta n'kutakasa, kenako amawerama n'kuuzira mpweya pakamwa pa mtsukowo, monga Yesu anauzira mpweya pa ophunzira ake powapatsa Mzimu Woyera (Yohane 20:22). Pamene akunena pemphero lopatula, ansembe onse amatambasulira dzanja lamanja kumtsuko uja, osalankhula kanthu. Misa ikatha, parishi iliyonse imatungako gawo lake.

N'chifukwa chake mwana wobatizidwa pa tchalitchi chaching'ono chakumudzi, kumene episikopi amafikako mwa apo ndi apo, amadzozedwa ndi mafuta amodzimodzi ndi mwana wa ku katedrale ya dayosizi yake, monga ku Maula kapena ku Bembeke. Kudzera m'mafutawa dzanja la episikopi limafika pa mkhristu aliyense.

Pali kusiyana kumodzi koyenera kukudziwa. Krisima amapatula ndi episikopi yekha. Mafuta a odwala, pakagwa zadzidzidzi, wansembe aliyense angathe kuwadalitsa pomwepo podzoza wodwalayo. Choncho wodwala sangamanidwe sakramenti chifukwa choti kabotolo kaiwalika kuparishi.

Pa ubatizo ndinaona mwana wanga akudzozedwa kawiri. Chifukwa chiyani?

Koyamba kuja, madzi asanathiridwe, anamudzoza pachifuwa ndi mafuta a akatekumeni. Kumeneko n'kumulimbitsa pa nkhondo yokana Satana ndi zoipa zake, nkhondo imene adzamenye moyo wake wonse. Kachiwiri, atabatizidwa kale, anamudzoza paliwombo ndi Krisima, kusonyeza kuti tsopano ndi chiwalo cha Khristu Wansembe, Mneneri ndi Mfumu. Mukamufukata mwana tsiku limenelo, kamutu kake kamanunkhira mpaka madzulo, ndipo Paulo Woyera anati ife ndife fungo lokoma la Khristu (2 Akorinto 2:15). Mwambowu ndi wakalekale. Tertullian, yemwe ankalemba ku Carthage cha m'ma 200, anafotokoza kale kuti obatizidwa akatuluka m'madzi amadzozedwa ndi mafuta odalitsidwa.

Kwa akuluakulu obatizidwa usiku wa Pasaka kudzoza kwa paliwombo kumasiyidwa, poti amalandira Ulimbitso nthawi yomweyo.

Nanga pa Ulimbitso?

Episikopi amaviika chala chachikulu mu Krisima, amasanjika dzanja pamutu, n'kulemba mtanda pamphumi, akutchula dzina la munthuyo ndi kunena kuti asindikizidwe ndi mphatso ya Mzimu Woyera. Ulimbitso sabwereza. Mafuta akadonthera pa chitenje amalowerera mu ulusi, madzi sawachotsa, ndipo chizindikiro cha Ulimbitso pa mzimu wa munthu chilinso chotero, sichifufutika ngakhale mwini wake atalowerera. Munthu amene ali pafupi kufa asanalimbitsidwe, ngakhale khanda, wansembe aliyense angathe kumulimbitsa.

Ansembe amadzozedwa pati?

Wansembe watsopano amadzozedwa ndi Krisima m'zikhatho, chifukwa manja amenewo ndiwo azidzagwira Thupi la Ambuye, kudalitsa ndi kudzoza ena. Episikopi watsopano amathiridwa Krisima pamutu. Madikoni sadzozedwa. Popatula tchalitchi, episikopi amathira Krisima pakati pa guwa ndi pangodya zake zinayi, n'kupaka pamwamba ponse, kenako makoma amadzozedwa m'malo 12 kapena 4.

Amayi anga akudwala kwambiri, koma abale akukana kuti tiitane wansembe. Akuti akadzozedwa ndiye kuti tawatsanzika. N'zoona?

Si zoona, ndipo mantha amenewa alanda odwala ambiri chithandizo chimene chinali chawo. Timaona wodwala atagona miyezi, a mphakati akubwera kudzamuona, achibale akugulitsa mbuzi kuti apeze za kuchipatala, koma dzina la wansembe osalitchula. Likatchulidwa, ena amati mukumuombeza imfa. Wansembe amadzaitanidwa usiku, wodwala atasiya kale kulankhula, ndipo akamwalira m'mawa anthu amati mwaona, mafuta aja amutsiriza. Chamupha munthuyo ndi matenda. Cholakwika n'chakuti anthu anachedwa kuitana.

Kalata ya Yakobo 5:14-15 imanena momveka: wina akadwala aitane akulu a Mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye, ndipo pemphero lachikhulupiriro lidzamupulumutsa, Ambuye adzamudzutsa, ndipo ngati anachimwa adzakhululukidwa. Palibe pamene akunena za kudikira kuti munthu ayambe kupuma modukiza. Marko 6:13 amatinso atumwi anadzoza odwala ambiri ndi kuwachiritsa. Mu 416 Papa Innocent I, polembera episikopi Decentius wa ku Gubbio, anatchula mawu a Yakobo omwewa pofotokoza za mafuta odalitsidwa ndi episikopi.

Manthawa ali ndi pochokera. M'kupita kwa zaka, kumaiko a ku Ulaya, sakramentili linayamba kuperekedwa pafupifupi kwa okhawo amene ali kumapeto, mpaka linatchedwa kudzoza kotsiriza. Amishonale oyamba anafika nalo kuno lili ndi dzina limenelo, ndipo agogo athu analiphunzira chomwecho. Koma Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, wa maepisikopi a dziko lonse lapansi, mu 1963, unanena kuti dzina loyenera ndi kudzoza odwala, ndiponso kuti si sakramenti la okhawo amene akutsirizika. Nthawi yake imakhala itakwana munthu akangoyamba kukhala pangozi chifukwa cha matenda kapena ukalamba.

Choncho pitani mukakambe ndi amayi anuwo iwo eni akadali ndi mphamvu zoyankha. Kawirikawiri wodwala mwini wake saopa ngati mmene amaopera omudwazika. Akadzozedwa ali maso amatha kulapa, kumva mapemphero, kuyankha Amen ndi pakamwa pawo, ndi kulandira Ukaristia. Sakramenti lenileni la munthu amene akutsirizika ndi Ukaristia womwewo, umene umaperekedwa ngati kamba wa paulendo.

Ndani angadzozedwe, ndipo kangati?

Mkhristu aliyense wozindikira amene akudwala matenda aakulu, amene akukachitidwa opareshoni chifukwa cha matenda oopsa, kapena nkhalamba imene mphamvu zatha ngakhale palibe nthenda yodziwika. Mwana amene wafika pozindikira angadzozedwenso. Chimfine kapena mutu wa tsiku limodzi si chifukwa chokwanira. Wodwala amene wakomoka amadzozedwa ngati zikudziwika kuti akadapempha yekha.

Kubwereza n'kololedwa: akachira n'kudwalanso, kapena nthenda yomweyo ikakula. Maparishi ambiri amakhala ndi Misa ya odwala, makamaka pa 11 February, tsiku la odwala padziko lonse limene Papa John Paul II anakhazikitsa mu 1992.

Wansembe akamabwera kunyumba tikonze chiyani?

Zochepa chabe. Sesani m'chipinda, yalani kansalu koyera pa tebulo kapena pa mpando, ikanipo mtanda ndi kandulo ngati zilipo, ndi madzi akumwa pang'ono. Kusowa kwa zimenezi kusakulepheretseni kuitana. Wansembe amabwera ndi kachitini kake kokwana m'thumba, momwe muli thonje lonyowa ndi mafuta. Ngati wodwala akufuna kulapa, nonse mumayamba mwatuluka. Mukabwerera pamakhala mawu a Mulungu ndi mapemphero, kenako wansembe amasanjika manja pamutu pa wodwala mwakachetechete. Akatero amadinikiza chala pathonje paja n'kudzoza pamphumi ndi m'manja, akupempha kuti Ambuye mwa chifundo chawo amuthandize ndi chaulere cha Mzimu Woyera, amumasule ku machimo, amupulumutse ndi kumudzutsa. Kale ankadzoza maso, makutu, mphuno, pakamwa, manja ndi mapazi, koma kuyambira 1972 mwambo unafupikitsidwa. Pa matenda opatsirana, monga zinalili nthawi ya Covid-19, lamulo limalola kudzoza ndi kamtengo ka thonje m'malo mwa chala.

Itanani a mphakati ndi ana a pakhomo akhalepo. Wodwala amalimba mtima akaona kuti Mpingo wonse wabwera pamphasa pake.

Kodi wodzozedwa amachira? Asiye mankhwala?

Asasiye ngakhale m'bulu umodzi. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a BP apitirize monga anauzidwira kuchipatala. Mpingo umene umadalitsa mafutawa ndi womwewo unamanga zipatala za Likuni, Mua ndi Nguludi, ndipo sunaonepo mkangano pakati pa pemphero ndi jakisoni. Aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wadzozedwa akuika moyo wa mnzake pachiswe.

Alipo amene amachira m'thupi atadzozedwa, ndipo timathokoza. Koma chimene sakramenti limapereka nthawi zonse ndi mphamvu, mtendere ndi kulimba mtima popirira, kukhululukidwa kwa machimo ngati munthu sanathe kulapa, ndi kulumikiza zowawa zake ndi masautso a Khristu. Kuchira kwa thupi kumabwera ngati Mulungu waona kuti kuthandiza chipulumutso cha munthuyo. Wodwala amene sanachire tisamunene kuti chikhulupiriro chake chinachepa. Mawu otere amangomuwonjezera katundu.

Nanga wansembe akafika munthu atamwalira kale?

Sadzoza, chifukwa masakramenti ndi a amoyo. Amapempherera womwalirayo ndi kutonthoza ofedwa. Ngati pali chikayiko kuti mwina moyo ukadalimo, amadzoza.

Kwathu wansembe amafika patalipatali. Akatekisiti kapena asisitere sangadzoze?

Sangatero. Malamulo amati wodzoza odwala ndi wansembe kapena episikopi basi, ngakhale mdikoni saloledwa, ndipo mu 1997 Vatican inakumbutsanso kuti amene si ansembe asamadzoze odwala ndi mafuta aliwonse mokhala ngati akupereka sakramenti. Vuto la mitunda ndi kuchepa kwa ansembe ndi lenileni, ndipo limapweteka. Mpake kuti atsogoleri a miphakati azikhala ndi mayina a odwala ndi okalamba onse, kuti tsiku limene abambo abwera kudzachita Misa ayendere onsewo. Akatekisiti ndi otumikira Ukaristia ali ndi gawo lawo lalikulu: kupemphera ndi wodwala, kumuwerengera Malembo, kumubweretsera Ukaristia, ndi kutumiza uthenga kuparishi msanga.

Kodi amalipiritsa? Nanga mafuta a "anointing" amene amagulitsidwa m'timabotolo ndi omwewa?

Kudzoza odwala salipiritsa. Banja likafuna kuthandiza pa mafuta a galimoto kapena a njinga yamoto lingatero mwa kufuna kwake, koma lamulo 848 limanenetsa kuti wosauka asamanidwe sakramenti chifukwa cha umphawi. Musachite manyazi kuitana chifukwa m'nyumba mulibe kanthu.

Mafuta a masakramenti sagulitsidwa ndipo saperekedwa kuti munthu akasunge kunyumba. Akhristu a mipingo ina amene amadzoza odwala ndi pemphero potsata Yakobo 5 timawalemekeza. Chodetsa nkhawa ndi malonda: kabotolo kokhala ndi mtengo wake, kolonjezedwa kuti kabweretsa ntchito, banja kapena kasitomala, kopaka pa chitseko, pa galimoto ndi pa makalata ofunsira ntchito. Makolo athu ankadziwa mafuta a nsatsi a m'nsupa, ndipo n'kosavuta kuti mtima uzitenga mafuta a kutchalitchi ngati nsupa yatsopano. Pamenepo chikhulupiriro chimachoka pa Mulungu n'kukhala pa botolo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-20). Ndipo zimatha kufika poipa: mu February 2020 ku Moshi, m'dziko la Tanzania, anthu osachepera 20 anafa atapondana pothamangira mafuta amene ankati ndi odalitsidwa pa msonkhano wa mapemphero.

Mafuta oyera si chithumwa. Amagwira ntchito mkati mwa pemphero la Mpingo, pa munthu amene akufunafuna Mulungu, ndipo wochiritsa ndi wolimbitsa ndi Khristu mwini.

Mipingo ina imatani?

A Orthodox amalemekeza Krisima kwambiri, ndipo amalimbitsa mwana tsiku lomwelo la ubatizo, ngakhale ali wakhanda. Ku Constantinople, komwe lero ndi Istanbul, Patriarch, yemwe ndi mkulu wa mpingo wawo kumeneko, amaphika mafutawa pafupifupi kamodzi pa zaka 10 ndi zonunkhira zamitundu 57, ndipo anachita zimenezi mu 2012 ndi mu 2022. Mpingo wa ku Armenia umadalitsa ake ku Etchmiadzin, mwamwambo pa zaka 7 zilizonse, ndipo amathiramo otsala akale kuti mzere usaduke. A Anglican amadzoza odwala, ndipo madayosizi awo ambiri amadalitsa mafuta m'Sabata Loyera. Mfumu Charles III inadzozedwa pa 6 May 2023 ku Westminster Abbey ndi mafuta a azitona za pa Phiri la Azitona, opatulidwa ku Jerusalem ndi Patriarch Theophilos III pamodzi ndi Arkiepisikopi Hosam Naoum wa Anglican.

A CCAP ndi mipingo ina yochokera ku chikonzedwe amawerenga masakramenti awiri, Ubatizo ndi Mgonero, ndipo mafuta salowamo. A Seventh-day Adventist amadzoza wodwala akapempha, koma sakutcha kuti sakramenti.

Mafuta a chaka chatha akatsala amapita kuti?

Atsopano akafika, akale sagwiranso ntchito pokhapokha patavuta. Sawataya kudzala kapena m'ngalande. Amawamwetsa m'thonje n'kuwatentha, kapena kuwakwirira pamalo aulemu, ndipo thonje lopukutira zala za wansembe amalitenthanso. Parishi ikaona kuti mafuta ake atha chaka chisanathe, imakatenga ena kwa episikopi, chifukwa ku katedrale amasungako ena a dayosizi yonse.